Ndakatulo ya Dryden ya mphamvu ya nyimbo iziwerengedwa mokweza

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga a Chingerezi pamodzi ndi ophunzira a m'makoleji amene amakumana ndi ndakatulo ya John Dryden yotchedwa Alexander's Feast. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ndakatuloyi timaiphunzitsa chamumtima, ophunzira ataweramira pepala, akulemba mizere kunsi kwa mawu ovuta ndi kuloweza mayankho a mayeso, chonsecho mwini wake anailembera khutu.

Dryden anailemba mu 1697, atapemphedwa ndi bungwe la okonda nyimbo la mu London limene chaka chilichonse linkachita chikondwerero cha Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, pa 22 Novembala. Woyamba kuiikira maimbidwe anali Jeremiah Clarke, koma nyimbo yakeyo inasowa. Imene tili nayo lero ndi ya George Frideric Handel, imene inaimbidwa koyamba ku Covent Garden mu 1736.

Nkhani yake ili m'ndime zisanu ndi ziwiri. Alexander, mfumu ya ku Macedonia, wagonjetsa Aperezi ndipo wakhala pa phwando mumzinda wawo wa Persepolis, mkazi wotchedwa Thais ali pambali pake, akuluakulu a nkhondo atamuzungulira. Woimba zeze dzina lake Timotheus ayamba ndi kumutamanda kuti ndi mwana wa mulungu Jove, ndipo mfumuyo ikhulupirira mpaka kuyamba kugwedeza mutu ngati kuti dziko lonse linjenjemera nayo. Kenaka aimba za Bacchus, mulungu wa vinyo, ndi kukoma kwa vinyoyo, mfumu n'kuledzera ndi matama, kumangobwereza nkhani za nkhondo zimene inapambana.

Apa ndi pamene mphunzitsi ayenera kudekha. Timotheus ataona masaya a mfumu akupsa ndi maso ake akuyaka, asintha nyimbo n'kuimba za Darius, mfumu ya Aperezi yogonjetsedwa ija, atagona pa dothi m'magazi ake, anthu amene ankadya za m'manja mwake atamuthawa, popanda ndi mmodzi yemwe womutseka maso. Liwu lonena za kugwa kwake Dryden walibwereza kanayi mu mzere umodzi, n'kuliikanso kachisanu poyamba mzere wotsatira. Wowerenga chamumtima amangodumpha pamenepo poganiza kuti wamva kale tanthauzo, koma wowerenga mokweza amakakamizika kutsitsa mawu ndi kuchedwetsa mpweya, ndipo akamafika kumapeto amakhala atamvetsa chifukwa chimene Alexander anagwetsera misozi polira mdani wake. Mizere ya m'ndakatuloyi ndi yosafanana kutalika, ina yaifupi yothamanga, ina yaitali yokoka, ndipo izi zinachitika mwadala kuti mawu azichita kwa womvera zomwezo zimene zeze akuchita kwa mfumu.

Kuchoka pa chisoni woimbayo apita ku chikondi, mfumu n'kugwera pachifuwa cha Thais. Ndiye mwadzidzidzi aidzutsa ndi phokoso lofuula kubwezera, akuionetsa mizimu ya Agiriki amene anafera kunkhondo osaikidwa m'manda, uliwonse utanyamula muuni. Alexander atenga muuni wake, Thais atsogola, ndipo nyumba zachifumu za Persepolis zipsa. Moto umenewo si wopeka ayi, unachitikadi m'chaka cha 330 Khristu asanabadwe, ndipo mabwinja ake alipo mpaka lero m'dziko la Iran.

Ambiri mwa ife timathamangira kuuza ophunzira kuti ndakatuloyi ikutamanda nyimbo, n'kuthera pomwepo. Ine ndikuona kuti yankho limenelo ndi loperewera. Munthu amene wagonjetsa ufumu waukulu kwambiri wa nthawi yake akutembenuzidwa uku ndi uku ndi woimba mmodzi wopanda mkondo, ndipo mathero a luso lonselo ndi phulusa. Kodi wolamulira paphwandopo ndani? Nanga mlandu wa motowo ndi wa yani: mfumu, Thais kapena Timotheus? M'ndime yomaliza Dryden abweretsa Cecilia, amene mwambo umati ndiye anayambitsa limba, n'kunena kuti Timotheus anakweza munthu kupita naye kumwamba pamene Cecilia anatsitsa mngelo kubwera naye pansi, choncho mwina agawane ulemuwo. Wophunzira wochenjera ayenera kuloledwa kufunsa ngati kugawanako kuli kwachilungamo. Ndi bwinonso kumukumbutsa kuti Dryden ankadziwa za kugwa: analandidwa udindo wa mlakatuli wa mfumu pambuyo pa kusintha kwa ufumu mu 1688 chifukwa anali atalowa Chikatolika ndipo anakana kulumbirira olamulira atsopano, William ndi Mary.

Ana athu sasowa poyambira, popeza amadziwa mmene nyimbo ya pamaliro imagwetsera misozi anthu amene sanamudziwe n'komwe malemuyo, ndi mmene nyimbo za pamisonkhano ya ndale zimatenthetsera mitima nthawi ya chisankho.

Choncho ndikupempha aphunzitsi kuti apatule phunziro limodzi lathunthu loti ophunzira agawane ndime zisanu ndi ziwirizo n'kuziwerenga ataimirira, kenaka amvetsere mmene Handel anaimbira ndime ya Darius ndi ya kubwezera, zimene zimapezeka pa YouTube ndipo foni imodzi ndi yokwanira kalasi yonse. Kumene kuli kwaya ya parishi imene imakumbukira Cecilia Woyera mu Novembala, aitaneni oimbawo adzakhale nawo pa zokambiranazo.

Mphunzitsi wa Chingerezi,
Zomba