Kwa mwana wanga, khansala watsopano

Mwana wanga,

Mng'ono wako ndiye wandiuza, iwe uli duu. Akuti pa chisankho cha Malichi unalowa m'khonsolo ya mudzi wanuwo ku France. Ndinaluluta mpaka anzanga a ku Mvano anadziwa kuti kwathu kwagwa chabwino. Koma nditamva amene anakulemba pa mndandanda wa opikisana pa chisankhocho, tulo tinandithawa.

Bambo wa ng'ombe uja! Uja ankabwera ndi tchizi chonunkha ndi vinyo nthawi imene ndinali kwanuko, n'kumangodzaza tambula ya amuna ako isanathe. Unandiuza wekha kuti akufuna dambo lake la m'mbali mwa msewu lisanduke mapuloti omangapo nyumba. Ndiye ganiza. Lamulo la 2025 linati ngakhale m'midzi yosakwana anthu 1,000 mndandanda uzikhala wa amuna ndi akazi mosinthana. Iye anasowa akazi, n'kukumbukira iwe. Nzeru uli nazo, sindikana, unaposa anyamata onse ku sekondale. Koma iye sakufuna nzeru zako, akufuna mkono wako. Nkhani ya dambolo ikafika patebulo, lamulo silimulola kuvota pa chinthu chake chomwe, ndiye adzakhala panja akuwerenga mikono ya anzake.

Mulipo 11 basi, m'mudzi wosakwana anthu 500. Misonkhano yanu aliyense amaloledwa kulowa kudzamvera. Ukakweza mkono, pofika mmawa wogulitsa buledi adziwa kale. Malipiro palibe, ameya ndi achiwiri awo okha ndi amene amalandira kangachepe, koma udani udzausenza zaka 6. Amuna ako anabadwira pomwepo, adzawakhululukira. Nanga iwe? Pasipoti ya France uli nayo, inde, koma zikavuta adzati ndi mkazi wobwera uja.

Bambo ako anali choncho. Mnzawo anawaika m'komiti ya mjigo, anasayina pepala la simenti osawerenga. Ukukumbukira mbuzi zimene tinagulitsa. Unalira chifukwa cha yamawanga ija, masiku ambiri osandilankhula.

Usasayine chimene sunawerenge. Chifalansa cha m'mapepala si cha kumsika. Mayi mlembi wa ku mairie, ofesi ya ameya ija, amene umati amatsegula Lachiwiri ndi Lachisanu chifukwa amagwiranso midzi ina, ameneyo ndiye akhale mnzako. Mufunse, mupatse tiyi. Pamwamba pa ameya palinso préfet, woimira boma, amene amaunika ngati zimene mwagwirizana zili m'malamulo. Zolakwika zikapezeka, dzina lako lidzakhala pamenepo.

Ndipo usamadziyese wapolisi. Mng'ono wako wandiwerengera za ameya a ku Signes, komweko ku France, amene anafa mu 2019 atagundidwa ndi galimoto la anthu amene anawapeza akutaya zinyalala za pa chimango m'mbali mwa msewu. Munthu wa zaka 76. Iwe ndi mtima wako wapachalawo, ndimakudziwa. Ukaona zotere, imbira ajendamu, apolisi akumeneko, iwe ubwerere kunyumba.

Gwira za sukulu, kuti kalasi ya adzukulu anga isatsekedwe. Gwira za nkhalamba zimene zilibe galimoto lopitira kwa dokotala. Koma bambo ujayo akakuitanani chakudya chamadzulo msonkhano usanachitike, nena kuti mwana sali bwino. Vinyo wake mubweze, ngakhale amuna ako akwiye. Uwauze kuti ndi apongozi awo anena.

Ndalama ya malata ndinalandira, mmisiri ayamba Lolemba. Bondo likadali momwemo. Unditumizire chithunzi uli ndi ameya atavala lamba wawo wa mitundu itatu, koma ujayo asaonekepo.

Ndine mayi ako.