Za leza zija, tawerenga kaye usanapite

Chemwali wanga,

Meseji yako ija ndaiona dzulo usiku, ndasangalala kumva kuti uli bwino ndipo ntchito ikuyenda. Koma nditafika pomwe walemba kuti mwezi wamawa ukufuna ukachotse tsitsi la pachibwano ndi leza, makina aja owotcha mizu ya tsitsi ndi kuwala, tulo sindinatione, chifukwa pali nkhani yomwe ndakhala ndikukubisira. Ukukumbuka nthawi ija ndinkakana vidiyo kolo nkumanamizira netiweki? Sinali netiweki ayi, ndinali nditapsa kumaso.

Nane ndinatopa ngati iweyo, kuzula sabata iliyonse, tiziphuphu osatha, nde ndinapita. Mtsikana yemwe ankagwira makinawo sanandifunse kalikonse, anangondiveka magalasi akuda nkuyamba. Anthu amati zimamveka ngati ukutsinidwa pang'ono, koma ine iwe zinali ngati andigunditsa simbi yamoto, ndipo ndinangoti zii kumaluma mlomo poganiza kuti ndi mmene zimakhalira. Pamenepa mpomwe pamandiwawa mpaka lero, pakamwa ndinali napo koma sindinanene kuti siyani. Kutacha ndinadzuka ndi matuza asanu, ondondozana bwinobwino kuchokera pachibwano kutsikira kukhosi, lililonse kukula kwake ngati kukamwa kwa makina aja. Ataphwa panabwera nkhanambo, nkhanambo zitachoka panatsala mabala akuda bii, ndipo malo awiri pakhosi panayera mbuu ngati khungu la munthu wina.

Dokotala wa khungu ndi amene anadzandimasulira zonse. Akuti kuwala kwa leza kumasaka melanin, chinthu chomwe chimadetsa tsitsi, kukamupeza kumasanduka kutentha nkupha muzu wa tsitsilo. Vuto nloti ife akuda melanin yemweyo wadzaza pakhungu penipeni, nde makina akakhala olakwika kapena akawakweza mphamvu kwambiri moto uja umathera pamwamba usanafike nkumuzu komwe. Khungu likapsa limatha kupanga melanin wochuluka, nkuona mabala akuda aja, kapena timaselo topanga mtunduto timavulala, nkuona poyera paja. Akudawo amazilala pang'onopang'ono, miyezi ingapo mwinanso kupitirira chaka, koma oyerawo ndi ovuta, ena sabwereranso mwakale.

Makinawo si amodzi eti. Pali alexandrite ya 755, pali diode ya cha mma 810, kenako Nd:YAG ya 1064, manambalawa amanena mtundu wa kuwala kwa makinawo. Yomalizayi kuwala kwake kumalowa mkati kwambiri ndipo melanin wa pamwamba sakukoka kwenikweni, nchifukwa chake ndi yomwe madokotala amasankhira khungu ngati lathu. Palinso ina amati IPL, imeneyo si leza nkomwe ngakhale ena amaitchula choncho, ndipo kwa ife ndi yoopsa. Ine mpaka pano ndimadzifunsa kuti bwanji sindinafunse dzina la makina, funso limodzi lokha basi. Madokotala ali ndi sikelo yawo ya Fitzpatrick, inayamba mu 1975, imagawa khungu kuyambira 1, loyera kwambiri, mpaka 6, lakuda kwambiri, iwe ndi ine tili cha pa 5 kapena 6, nde munthu amene sakuidziwa sikeloyi asakukhudze.

Sindikuti usapite, ayi, alipo ambiri zinawayendera bwino. Koma uwakakamize ayese kaye pakamalo kakang'ono kobisika, udikire masiku angapo uone, chifukwa pakhungu lakuda kupsa kumatha kuonekera mochedwa. Usakhale wawauka ndi dzuwa masabata amenewo, usazule tsitsi kwa mwezi wathunthu, kumeta kokha ndi komwe kumaloledwa. Ngati ukumwa mankhwala aliwonse, makamaka a ziphuphu monga doxycycline kapena isotretinoin, uwauze ngakhale asakufunse. Uonenso ngati akuziziritsa khungu pamene akuwombapo. Kufiira pang'ono ndi timatotupa tozungulira tsitsi kwa tsiku limodzi kapena awiri sizodetsa nkhawa, koma ululu ukamapitirirabe iwo atachotsa makina, dzuka pompo.

Zikavuta, Mulungu asalole, thira madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osati ayisi. Matuza osaboola, nkhanambo osatong'ola, ine ndinatong'ola imodzi ndipo bala lake ndi lomwe lachedwa kwambiri. Vaseline wamba amathandiza kuti pasaume, koma ukaona mafinya kapena kutupa kukukula thamangira kuchipatala. Ndipo chonde chonde usamvere okuuza za makirimu oyeretsa aja, ambiri muli steroid ena mpaka mercury, amangoonjezera vuto. Ine dokotala anandipatsa azelaic acid ndi mafuta oteteza kudzuwa a SPF 50 oti ndizipaka tsiku lililonse ngakhale kunja kuli mitambo, poti dzuwa ndi lomwe limadetsa mabalawo kwambiri.

Panopa patha miyezi 10. Akuda aja azilala moti munthu amayenera kuyandikira kuti awaone, poyera pamodzi pabwerera, penapo pakadali pomwepo ndipo mmawa uliwonse ndikaima pagalasi maso amayambira pamenepo. Sikafu yobisira khosi ndinasiya kuvala mwezi watha.

Usanalipire kalikonse unditumizire dzina la makina awo, ngakhale chithunzi chokha, tikaonere limodzi. Loweruka ndikuimbira pavidiyo ndikuonetse khosili.

Ndine chemwali wako amene amakukonda.