Mwana wa malemu achemwali anga wataya dimba chifukwa cha Big Brother

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Bambo a kunyumba ndi dalaivala wa lole, ine ndimagulitsa ndiwo zamasamba ndi mazira pakhomo pomwepa. Kuseri kwa nyumba tili ndi kadimba ndi chitsime, mbali inayo kuli khola la nkhuku za mikolongwe ndi zachikuda. Sopo, mchere ndi mayunitsi a magetsi zimachokera pamenepo.

Ndikusunganso mtsikana wa zaka 19, mwana wa malemu achemwali anga, yemwe ndidamutenga akadali ku pulayimale. Mayeso a MSCE adakhoza koma sadasankhidwe ku yunivesite. Tidagwirizana kuti dimba likhale m'manja mwake, ndipo theka la zomwe tagulitsa tizimusungira kuti akaphunzire zosoka. Mwanayu ali ndi dzanja, Azakhali. Nazale ya repu, mpiru ndi tchainizi ankafesa yekha, kuokera yekha, manyowa a nkhuku ankayamba wawaoletsa kuti asaotche mbewu. Tomato ankamumangirira kumitengo ndi kumuthyola mphukira. Amayi a m'mizere ina ankabwera kudzagula kwathu kusiya kumsika.

Zonsezi zasokonekera chiyambireni Big Brother Naija, pulogalamu ya pakanema ya ku Nigeria momwe anthu amatsekeredwa m'nyumba imodzi n'kumapikisana. Pulogalamuyi sipumula, imaonetsedwa usana ndi usiku kwa miyezi yoposa iwiri, ndipo kawirikawiri imagwa pakati pa July ndi October, nthawi yomwe dimba limafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Loweruka usiku akuti kuli phwando m'nyumbamo, Lamulungu akutulutsa anthu, masiku enawo akudikira kuti wakuti amuyankha bwanji wakuti. Mwanayu amagona tambala atatsala pang'ono kulira, kudzuka dzuwa litakwera, n'kukathirira masana dzuwa likuswa mtengo. Repu wadzaza nsabwe, masamba apiringizika. Tomato akuyoyola maluwa, kangaude wofiira walowa. Nkhuku ndimazipeza zili kukamwa yasa, zomwera zili gwa, ndipo katemera wa chitopa wodontheza m'diso uja nthawi yake idadutsa, chonsecho nyengo yotentha ino ndi yomwe chitopa chimasesa makola. Ndalama yochepa yomwe wagulitsa ikuthera mabandulo a intaneti, kuvotera anthu a ku Lagos ndi kukangana ndi anzake pa Facebook. Posachedwa wamatira zikhadabo zogula, akuti dothi limuonongera.

Ine si mdani wa pulogalamuyi. Big Brother Africa itayamba mu 2003 ndinali mtsikana, ndipo tinkadzazana kwa aneba kuonera Zein Dudha akuimira Malawi. Adapambana chaka chimenecho ndi Cherise Makubale wa ku Zambia, ndipo tinkamukonda chifukwa ankaphika, kusesa ndi kusamala anzake, sadataye ulemu wake pofuna ndalama. Mu 2008 Hazel Warren wathu adafika mpaka tsiku lomaliza, tonse tidanyadira. Ngakhale ku Nigeria komweko, Whitemoney yemwe adapambana mu 2021 ankadziwika ndi kukhalira kukhitchini kuphikira nyumba yonse. Ndimamuuza mwanayu zimenezi, kuti anthu oonera amaona yemwe ali ndi manja ogwira ntchito.

Koma omwe iye wawaika pamtima ndi ena. Amakonda aja ogona mpaka masana, odzuka n'kukhala pagalasi, otukwanizana chifukwa cha chibwenzi cha masabata awiri, makolo awo akuonera kunyumba. Zimandiwawa kuona mwana wa munthu akudzivula ulemu pamaso pa Africa yonse kuti atchuke, ndipo zimandiwawa koposa kumva mwana wanga akuti ameneyo ndiye mkazi wodziwa chomwe akufuna. Ndikamudzudzula amanditchulira Mercy Eke, mkazi woyamba kupambana Big Brother Naija mu 2019, akuti taonani magalimoto ndi malonda omwe akutsatsa lero. Sindikukana kuti mtsikana ameneyo zidamuyendera. Koma m'nyumbamo mumalowa anthu pafupifupi 20 kapena kuposa, mphoto yaikulu amatenga m'modzi, ndipo Nigeria ndi dziko la anthu oposa 200 miliyoni, makampani ofuna otsatsa malonda ndi ambirimbiri. Big Brother Africa yomwe Amalawi ankalowa idaonetsedwa komaliza mu 2014. Khomo lomwe iye akulota kulowa silioneka n'komwe, pomwe bedi la repu lomwe lingamulipirire sukulu likuuma kuseri kwa nyumba.

Tsono nkhani yafika povuta. Bambo a kunyumba atabwera ku ulendo n'kuona dimba, adakwiya kwambiri. Akuti asiya kulipira dikoda, alanda foni, ndipo zikapitirira mwanayu apite kumudzi ku Dedza kwa amalume ake, poti mwini mbumba ndi iwowo. Ine mtima ukukana. Ndikukumbukira kuti mu 2003 aphungu a Nyumba ya Malamulo adaletsa Big Brother pa TVM, khoti lidachotsa chiletsocho, ndipo anthu adaonera mwachidwi kuposa kale. Kumulanda foni adzangopita kukaonera kwa anzake, kumene sindingamuone, n'kumabwera usiku. Kumutumiza kumudzi ndiye abale adzati ndataya mwana wamasiye chifukwa cha masamba, ndipo iye mwini adzakhulupirira kuti sindidamuyese mwana wanga. Ana anga obereka ndikawakalipira amakwiya n'kuiwala. Uyu ndikangokweza mawu amalowa kuchipinda n'kumalira, tsiku lina adandiuza kuti amayi ake akadakhala moyo sakadamusandutsa wantchito. Mawu amenewo adandilasa, chifukwa dimbalo ndidamupatsa kuti likhale lake.

Sakumwa mowa, sakuyenda ndi amuna, kutchalitchi amapita. Ndikuonanso kuti anzake a m'kalasi ena ali ku koleji, iye ali pakhomo, ndipo mwina anthu a pakanemawo ndi omwe akumuchotsa manyazi ndi kusungulumwa. N'chifukwa chake sindifuna kumuthyola mtima.

Ndithandizeni, Azakhali. Ndimuyankhule bwanji kuti amve kuti ndikumudzudzula ngati mayi ake? Kodi ndimuikire maola oonera, kapena ndimusiye dimba lifote kuti aone yekha ndalama ya sukulu ikuchepa? Ndiitane amalume ake tikhale pansi, kapena kutero n'kukulitsa nkhani ya m'nyumba? Nanga bambo a kunyumba ndiwaleze mtima motani, poti abweranso kumapeto a mwezi uno ndipo adanenetsa kuti akadzapeza nkhuku ngakhale imodzi yafa, mwanayu adzamukweza basi ya ku Dedza?

Ine mayi wodandaula,
Area 25, Lilongwe