Kwa inu oyendetsa alendo m'mabala a tapas (timbale ting'onoting'ono ta zakudya) ku Sevilla, ku Spain: fomu ija ya zakudya munaiwerenga?

Akuluakulu a kampani ino, moni. Ndakulemberani maimelo atatu m'Chingelezi, ndipo chimene ndalandira ndi kauthenga ka makina kaja kongoti mwalandira kalata yanga. Patha masabata asanu. Ndiye lero ndabwera pa tsamba lanu lino pamaso pa aliyense, ndipo ndalemba m'Chichewa dala. Batani lomasulira lili pansipa, mulidine. Amene ndikufuna amve bwinobwino ndi abale anga a ku Leeds, Luton ndi Manchester, amene akhala akundifunsa ngati angalembetse kwa inu pa tchuthi cha Isitala.

Tinabwera atatu Lachinayi pa 27 Novembala 2025: ine, bambo a kunyumba, ndi azakhali anga a zaka 68. Azakhaliwa ndi amene anandilera mayi anga atamwalira, ndipo ulendowu unali wowathokoza atapuma pa ntchito yosamalira okalamba. Tinali titavutikira kale visa ya Schengen, ma euro 90 aliyense, osawerengera ndege ndi pogona. Kwa inu tinalipira ma euro 89 munthu mmodzi, onse pamodzi 267. Lisiti ndili nayo, ndipo tsamba lanu ndinalijambula tsiku lomwe ndinkalipira.

Pa tsambalo munalonjeza gulu losapitirira anthu 10, mabala anayi, maola atatu ndi theka, kuwoloka mtsinje wa Guadalquivir kukafika ku dera la Triana, vinyo wa mitundu itatu wa ku Jerez, komanso jamón ibérico de bellota, nyama youmitsa ya mwendo wa nkhumba, yapamwamba kwambiri. Pansi pake panali bokosi lofunsa zimene munthu sadya. Bokosi limenelo ndi limene linandichititsa kusankha inu pakati pa makampani ambirimbiri ochita zomwezi.

Ndikudziwa wina afunsa kuti munthu wa Seventh Day ngati azakhali anga amakatani pa ulendo wa vinyo. Funsani eni tsambali, ndiwo analemba kuti osamwa mowa ndi olandiridwa ndipo adzapatsidwa zakumwa zina. Ine ndi bambo timamwa, azakhali samwa, koma kudya amakonda, ndiponso amakonda kumva mbiri ya malo. M'bokosi lija ndinalemba momveka kuti munthu mmodzi sadya nkhumba, sadya ma prawn ngakhale nkhanu, sadya nsomba yopanda mamba, samwa chilichonse choledzeretsa, ndipo bondo lake lakumanzere limavuta moti amafunika kukhala pansi pafupipafupi. Munayankha pa imelo kuti palibe vuto. Imeloyo ndili nayonso.

Zinayamba kupotoka m'mawa wa tsikulo, pamene munatitumizira uthenga kuti nthawi yasintha, tikumane 5:30 madzulo m'malo mwa 8 koloko. Ife alendo tinaona ngati ndi zabwino, tigona msanga. Sitinkadziwa kuti ku Sevilla nthawi imeneyo makhitchini ambiri amakhala atatseka, chifukwa anthu amadya nkhomaliro cha m'ma 2 kapena 3 koloko, chamadzulo n'kudya cha m'ma 9. Inu munkadziwa. Mumagwira ntchito mumzindamo tsiku ndi tsiku.

Titafika pansi pa Las Setas, chidenga chachikulu chooneka ngati bowa cha pa bwalo la Plaza de la Encarnación, ndinawerenga mitu. Tinalipo 19. Mtsikana wotitsogolera anali mmodzi, wopanda chokuzira mawu, ndipo tikulowa m'tinjira topanapana ta dera la Santa Cruz a kumbuyo sitinkamva kanthu. Azakhali ndi bondo lawo anali kumbuyo kwenikweni, ine nditawagwira mkono. Mbiri ya dera limenelo, lomwe kale munkakhala Ayuda, ndinakaiwerenga ndekha usiku pa foni.

Pa bala loyamba anatibweretsera salmorejo, msuzi wozizira uja wa tomato, buledi, adyo ndi mafuta a maolivi. Pamwamba pa mbale iliyonse anawazapo dzira ndi tizidutswa ta jamón. Nditanena za azakhali, yankho linali loti angochotsa ndi supuni. Akuluakulu, munthu amene sanalawepo nkhumba chibadwire simumuuza kuti apatule pambali ngati akuchotsa ntchentche mu thobwa. Chikhalirecho salmorejo amaithira m'mbale yopanda kanthu pamwamba, zinazo amawaza pomaliza. Kukanakhala kuti wina anauza a m'khitchini, inali nkhani ya mawu awiri basi. Kenako kunabwera ma croqueta, timibulu tokazinga, a jamón. Kenako montadito de pringá, kabanzi kodzaza nyama yophikidwa mpaka kufewa, yambiri yake ya nkhumba, ndi soseji ya nkhumba yotchedwa chorizo. Azakhali anadya maolivi ndi timabisiketi touma tija amati picos, ali chiimirire, poti mipando munalibe.

Pa bala lachiwiri mtsikana uja anayesetsa. Anati wawapezera nsomba, ndipo ine mtima unakhala pansi. Mwamwayi bambo anafunsa dzina lake, n'kumva kuti cazón en adobo. Cazón ndi mtundu wa shaki yaing'ono. Kwa azakhali imeneyo ili m'gulu limodzi ndi mlamba, sailawa. Ndinali nditalemba zimenezi m'bokosi lija, mawu ake enieni.

Koma chimene chandilembetsa kalata ino ndi cha mosto, ndipo ndikupempha muwerenge mofatsa. Mtsikana uja anaitanitsira azakhali mosto, n'kutiuza kuti ndi madzi a mphesa osawira. M'madera ambiri a Spain zimenezo n'zoona, mosto ndi juwisi amene amapatsa ngakhale ana. Koma ku Sevilla nyengo imeneyo ya kumapeto kwa chaka, mosto ndi vinyo watsopano wochokera ku midzi ya Aljarafe monga Umbrete, wongotha kumene kuwira, ndipo amaledzeretsa ngati vinyo wina aliyense. Anthu a kumeneko amachita kumudikirira chaka chonse. Azakhali anamwa kawiri, n'kuika tambula pansi, n'kundiyang'ana. Anangoti, “Mwanawe, uwu ndi mowa.” Sanakalipe, sanadandaule kwa aliyense. Anatuluka panja n'kukakhala pa kakhonde ka nyumba ya eni, ndipo ndinawapeza akupukuta m'maso ndi mpango. Munthu amene wasunga lonjezo lake zaka zoposa 40, ine mwana wawo n'kulipira ndalama kuti akamwetsedwe vinyo. Amene anatifotokozera za mosto wa Aljarafe ndi bambo wina wachikulire wa pa kauntala, ataona kuti zasokonekera. Kampani imene malonda ake ndi vinyo wa ku Sevilla inkayenera kudziwa zimenezi kuposa kasitomala wongodutsa.

Za vinyo wathu ifenso zinali zochititsa manyazi. Ine ndinali nditawerengako ndisananyamuke, chifukwa ndinkafuna kulawa manzanilla wa ku Sanlúcar de Barrameda ndi fino wa ku Jerez de la Frontera, n'kumva kusiyana kwake. Onse awiri amachokera ku mphesa ya Palomino ndipo amakhwimira m'migolo pansi pa kayisiti koyandama kamene amati flor, koma wa ku Sanlúcar amakhwimira m'mphepete mwa nyanja, ndiye amati amamveka kamchere. Wachitatu ndinkayembekeza Pedro Ximénez, wakuda wotsekemera uja wa mphesa zoumitsa padzuwa. Tinalandira chiyani? Jagi ya sangria, vinyo wosakaniza ndi zipatso, pa bala loyamba, ndi tinto de verano pa lachiwiri, amene ndi vinyo wofiira wosakaniza ndi soda. Fino anaoneka kamodzi, pa bala lachitatu, katambula kamodzi kofunda, pomwe vinyo ameneyu amamwedwa wozizira kwambiri.

Jamón nayo bambo anaigwira. Ku Spain mwendo uliwonse wa ibérico umakhala ndi kachizindikiro ka pulasitiki pafupi ndi chiboda, malinga ndi lamulo la 2014. Kakuda ndi kofiira ndi ka nkhumba zodya bellota, zipatso za mitengo ya oak, kobiriwira ndi ka zoyenda kutchire koma zodyetsedwanso chakudya cha kukhola, koyera ndi ka zoleredwa ndi chakudya cha kukhola. Mwendo umene anatidulira unali pa kauntala pamaso pathu, kachizindikiro kake koyera mbee. Sindikuti inali yoipa, bambo anadya n'kunyambita zala. Koma si imene munalemba, ndipo mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri.

Bala lachinayi kunalibe. Ku Triana sitinapite. Itangokwana 8 koloko mtsikana uja anatitsanzika pafupi ndi Giralda, nsanja ya tchalitchi chachikulu cha mumzindamo, chifukwa gulu lina linkamudikirira. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene munatisunthira nthawi: nthawi yathu ija munaigulitsanso kwa ena.

Ndinene poyera kuti mtsikanayo ndilibe naye mlandu, ndipo musamugwetsere nkhaniyi. Anapepesa kwa azakhali kangapo, maso ali ofiira. Anandionetsa pa foni yake mndandanda umene munamupatsa, munali mayina ndi chiwerengero cha anthu basi, za zakudya munalibe ngakhale mzere umodzi. Anandiuza kuti si wa ku Sevilla ndipo wangoyamba kumene ntchitoyi. Inu munamutuma ndi anthu 19 m'timabala tokwana anthu 10, nthawi imene mbaula zazima, opanda uthenga umene ine ndinakupatsani ndipo inu munauvomereza.

Mawa lake, Lachisanu masana Sabata lisanalowe, tinadziyendera tokha pang'onopang'ono molingana ndi bondo la azakhali. Tinalowa mu El Rinconcillo, bala la mu 1670 lija, kumene ngongole yako amailemba ndi choko pa kauntala pomwepo. Ndi Chisipanishi changa cha pa foni ndinafunsa chimene mulibe nkhumba, ndipo anatipatsa espinacas con garbanzos, sipinachi wophika ndi tchana. Azakhali anaitanitsa mbale yachiwiri. Kenako tinakwera takisi mpaka pa mlatho wa Isabel II, wa mu 1852, tinawoloka wapansi, n'kukakhala mumsika wa Triana umene unamangidwa pamwamba pa mabwinja a linga lakale la Castillo de San Jorge. Ine ndinamwa manzanilla wanga wozizira, azakhali anamwa juwisi wa malalanje amene anamufinya iwo akuona. Tsiku lonselo atatufe sitinafike ngakhale theka la zimene tinakulipirani. Chakudya tikanachipeza tokha kuyambira pachiyambi. Ndalama zija tinkalipirira kuti pakhale munthu wodziwa mzindawo amene wawerenga zosowa zathu n'kukonzeratu.

Mwina mumaganiza kuti mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka wapita ndipo sadzabweranso kudzafunsa. Ine ndabwera kudzafunsa, ndipo ndikufuna izi. Ndalama za azakhali, ma euro 89, mubweze zonse. Pa za ine ndi bambo mubweze theka, poti tinadyako ndi kumwako, sindikufuna kukuberani. Pamodzi ndi ma euro 178. Ndikufunanso kalata yopepesa yolembera azakhaliwo, yolembedwa ndi munthu, ndidzawawerengera ndine. Ndipo bokosi lija la zakudya, ngati palibe amene amaliwerenga, lichotseni pa tsamba lanu lero. Kwa ife inali nkhani ya chikhulupiriro, koma tsiku lina mudzalandira munthu amene mtedza kapena ma prawn amamutsekereza mpweya.

Voucher ya ulendo wina musanditumizire, sindiilandira.

Ku Andalucía, chigawo chimene muli Sevilla, bizinesi iliyonse imayenera kukhala ndi hoja de quejas y reclamaciones, fomu ya boma yodandaulira, ndipo m'maimelo anga awiri omaliza ndinakupemphani kuti mundiuze mmene ndingakupatsireni yanga. Simunayankhe. Ndikupatsani mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Likadutsa, dandaulo langa lipita ku ofesi yoteteza ogula ya mumzinda wa Sevilla pamodzi ndi lisiti, maimelo ndi zithunzi za tsamba lanu, ndipo banki yanga ndiipempha ibweze ndalamazo kudzera pa khadi limene ndinalipirira. Nambala ya buking'i yanga ili m'maimelo atatu aja, pa adiresi yomweyo imene munanditumizirapo uthenga wosintha nthawi.