Mabanki asamangodzala mitengo pojambulitsa

A Mkonzi,

Nyengo yodzala mitengo ikafika, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, timaona ogwira ntchito m'mabanki atavala matisheti atsopano, makasu m'manja, akujambulitsa. Pofika Juni mbande zija mbuzi zadya, ndipo palibe amabwera kudzazonda.

Ine ndinagwirapo ntchito pakauntala pa banki ina kuno ku Salima. Atandilemba anandiphunzitsa kuwerenga ndalama, kuzindikira zachinyengo ndi kumwetulira kasitomala. Za chilengedwe sanatchulepo ngakhale kamodzi. Chaka chikamatha abwana ankangowerenga maakaunti amene munthu watsegula, bonasi n'kutengera pomwepo. Ndiye ndani angadzivute kukazimitsa makina oziziritsa m'chipinda mopanda munthu, jenereta ikumwa dizilo kunjaku? Mayi wina wogulitsa usipa ku Senga Bay tinkamubweza kuti akachititse fotokope chiphaso cha unzika ulendo uliwonse, chonsecho ina ili kale m'faelo. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Koma nkhani yaikulu ndi makala. Tonse pa nthambi ija, ndi ine ndemwe, tikaweruka tinkakaphikira pa mbaula, osafunsa ngati thumbalo lachokera ku nkhalango ya Thuma. Banki imene imakongoza antchito ake ndalama zogulira galimoto ingalephere bwanji kuwapatsa ngongole ya chiwongoladzanja chochepa kuti agule gasi ndi sola? Ku Nanjoka konkuno kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60, otsegulidwa mu 2021. Dzuwa lomwelo likuwotcha malata a nthambi zonse za mabanki pa Kamuzu Road, koma magetsi akangothima timamva jenereta basi.

Pempho langa kwa akuluakulu oona za antchito, komanso bungwe la Bankers Association of Malawi, ndi loti za chilengedwe zilowe m'maphunziro a wantchito watsopano ndiponso pa fomu yomuyezera ntchito. Wopereka ngongole aphunzitsidwe kufunsa womanga nyumba kuti njerwa awotchera nkhuni zochokera kuti. Nthambi imene yachepetsa mapepala ndi dizilo ione phindu lake pa bonasi. Ndipo amene anatsogolera kodzala mitengo abwererenso mu Okutobala, dzuwa lili phwee, akawerenge imene yapulumuka, chiwerengerocho chilembedwe m'faelo yake.

Wowerenga wanu,
Salima