Khadi Siyokhalitsa M'thumba

Mwana wanga,

Zandifika za masewero a Loweruka aja. Akuti mnyamata wina anatuluka m'bwalo atanyamulidwa, bondo litatupa, iwe woyimbira mpirawo khadi ili phee m'thumba mpaka chigawo chachiwiri. Akutinso amene anamuponda ndi mnzako uja umayenda naye, ndipo mpira utatha munatulukira limodzi mukuseka. Amayi ako sakugona, akuopa kuti tsiku lina ochemerera adzakuvulaza. Ine chondiopsa ndi mtima wako wofuna kukondedwa ndi aliyense. Uli wamng'ono, anzako akakangana pa mpira, unkapereka chigoli kwa amene akulira kuti atonthole. Mtima umenewo ndi wabwino ndipo ndimakunyadira nawo, koma ukaugwiritsa wezulo uthyoletsa miyendo ya ana a eni.

Sindikuti uziyimba chilichonse. Awiri akagundana phewa ndi phewa, mpira uli poti onse angaufikire, mkono uli m'nthiti, asiye, ngakhale wina agwe. Koma Lamulo 12 la mpira, lonena za mafawulo, ukulidziwa, linagawa patatu. Wosasamala chabe, amene wachedwa pang'ono n'kukola mnzake, ndi firikiki basi. Wolowa mosalabada kuti mnzake apweteka, khadi yachikasu. Wolowa ndi mphamvu yopyola muyeso, moika mnzake pangozi, yofiira, kaya ndi mphindi yachiwiri, kaya ndi kaputeni, kaya ndi mnzakoyo.

Posiyanitsa yachikasu ndi yofiira usayang'ane kugubuduka kwa wogwayo, chifukwa ena amadziwa kulira. Yang'ana mwendo wa wolowayo. Wabwera ndi liwiro lotani? Mapazi onse achoka pansi? Munthu akauluka sangathenso kudziletsa. Mwendo wowongoka, bondo louma, umatsanulira thupi lonse pa fupa la mnzake, pamene wopinda umabweza mphamvu. Kenako ona pamene zisonga za pansi pa jombo zatera. Zikatera pamwamba pa kakolo, pamsongolo kapena pabondo, dzanja lipite ku yofiira. Adzakuthamangira akukuwa kuti anayamba wakhudza mpira. Kukhudza mpira sikufafaniza mlandu ngati mwendo wapitirira n'kukatera pa munthu. Pa mipira yam'mwamba ona mkono: wotambasula kuti adumphe bwino ndi wosiyana ndi amene wayamba wasuzumira pamene pali mnzake, wafumbata nkhonya, n'kuponya chigongono.

M'mera mpoyamba, mwanawe. M'mphindi khumi ndi zisanu zoyambirira osewera amakhala akukuyesa kuti aone pothera pako. Kumbuka masewero a Portugal ndi Netherlands ku Nuremberg pa World Cup ya 2006. Mphindi khumi zisanakwane, Khalid Boulahrouz anatsika ndi jombo pantchafu ya Cristiano Ronaldo, woyimbira Valentin Ivanov n'kupereka yachikasu. Ronaldo anatuluka chigawo choyamba chisanathe. Zotsatira zake zinali kubwezerana kokhakokha, makhadi achikasu 16 ndi ofiira 4. Sikuti Ivanov ankaumira makhadi, anawagawa ngati palibe mawa. Koma osewera akaona kuti mnzawo wavulazidwa wolakwa akadali m'bwalo, amadziweruzira okha, ndipo makhadi obwera mochedwa sazimitsanso moto.

Nanga umaima pati? Ndamva kuti umakonda kuyenda pakati pabwalo ngati ukuyendera munda. Thamanga mopingasa, kuchoka kungodya ina kulowera ina, mpira ukhale pakati pa iwe ndi wa mbendera. Kuyandikira kokha sikukwanira, funa mbali yoti uone mpata wa pakati pa osewera awiriwo. Pa fainolo ya World Cup ya 2010 ku Johannesburg, Nigel de Jong anaponda Xabi Alonso pachifuwa, woyimbira Howard Webb n'kupereka yachikasu chifukwa pamene anaima sanaone bwino. Pambuyo pake anavomera yekha kuti inali yofiira. Choncho musanalowe m'bwalo, gwirizana ndi othandizira ako chizindikiro choti akuuze mtundu wa khadi pamene iwe watchingidwa.

Kulola mpira kupitirira wina atalakwiridwa, samala nako. Ngati ndi yachikasu ndipo timu yolakwiridwa ili pabwino, kweza mkono, fuula kuti apitirize, sunga nambala ya wolakwayo m'mutu, mpira ukangoima umupatse khadi yake. Ukaiwala, wopondedwayo sadzaiwala. Ngati ndi yofiira, imitsa pompo, pokhapokha chigoli chili pakhomo. Wina akagunda mutu, imitsa osadikira kanthu. Palinso uja wokola pang'onopang'ono, kapena timu yosinthana kukola katswiri mmodzi: kachitatu itana wolakwayo, muloze malo onse amene walakwira kuti bwalo lione, ukatero khadi yake sidabwitsa munthu.

Pa fawulo yoopsa wezulo ilire mwamphamvu ndi motalika, ndipo ufike pamalopo msanga anzake asanafike. Yofiira itulutse mwachangu, imaziziritsa ofuna kubwezera. Akayamba kukankhana usagwire munthu, bwerera pang'ono, uone amene waponya nkhonya, ulembe manambala. Lipoti ulembe tsiku lomwelo: mphindi, nambala, chimene unaona ndi maso ako, osakometsa.

Ndibwererenso kwa mnzako uja, chifukwa ndi pamene mtima wanga wakhala. Akadzakupatsanso masewero a timu yake, uwauze okutumawo za chinzake chanucho, asankhe okha. Akakusiya, usacheze naye mpira usanayambe kapena utangotha. Ndipo mnyamata wovulalayo ukamuzonde, umve za bondo lakelo. Amayi ako akupereka moni, akuti uwayimbire Lamlungu. Undiyankhe, undiuze unaima pati pamene ankamuponda.

Ndine bambo wako.