Lipoti la Msonkhano Wokambirana za Ufumu wa Qin wa ku China

Kwa a Wapampando ndi aphunzitsi anzanga a mbiri yakale,

Monga munandituma, ndinakakhala nawo pa msonkhano wokambirana za ufumu wa Qin, ndipo funso limene linatidyera nthawi linali lakuti tingakhulupirire mpaka pati zimene zinalembedwa zokhudza nkhanza za ufumuwu.

Pa za chiyambi chake panalibe mtsutso. Ying Zheng, mfumu ya Qin, anagonjetsa maufumu ena asanu ndi umodzi, ndipo womaliza, wa Qi, utagwa mu 221 BC, iye anadzitcha Shi Huangdi, kutanthauza Mfumu Yaikulu Yoyamba. Potsatira uphungu wa nduna yake Li Si, sanagawire ana ake madera, koma anadula dziko m'zigawo 36 zoyang'aniridwa ndi akuluakulu osankhidwa ku likulu la Xianyang. Kalembedwe, ndalama, miyeso ngakhalenso kutalikirana kwa mawilo a ngolo zinakhala zofanana m'dziko lonse.

Mitu inagundana titafika pa kugwa kwa ufumuwu. Mfumuyo inamwalira mu 210 BC, ndipo chaka chotsatira Chen Sheng ndi Wu Guang anaukira boma. Wolemba mbiri Sima Qian anati amuna 900, kuphatikizapo awiriwa, amene ankapita kukalondera malire ku Yuyang anatsekerezedwa ndi mvula panjira, ndipo popeza chilango cha kuchedwa chinali imfa, anaona kuti kuli bwino kufa akumenya nkhondo. Tinakumbutsidwa kuti Sima Qian anali mtumiki wa ufumu wa Han, umene unalowa m'malo mwa Qin, ndipo analemba izi patadutsa zaka pafupifupi 100.

Mu 1975, ku Shuihudi m'chigawo cha Hubei, akatswiri anafukula manda a mlembi wina wa boma la Qin amene anaikidwa pamodzi ndi tizidutswa ta nsungwi tolembedwapo malamulo. Lamulo la thangata likuti anthu akachedwa masiku atatu mpaka asanu pakhale chidzudzulo chabe, akachedwa masiku 6 mpaka 10 dipo likhale chishango chimodzi, akapitirira apo dipo likhale chovala chankhondo, ndipo mvula ikalepheretsa ntchito pasakhale mlandu.

Ena anati apa pakuonetsa kuti olemba a Han anakokomeza nkhani pofuna kuipitsa mbiri ya ufumu wa Qin. Ena anayankha kuti kukalondera malire inali ntchito ya usilikali, imene inali ndi malamulo akeake, ndiponso kuti zilango zikanatha kukhwima pansi pa mfumu yachiwiri, Huhai. Ine ndinaona kuti gulu lachiwirili linali ndi mfundo zolemera, makamaka chifukwa nsungwi zomwezo zikutchula zilango zina zoopsa, monga kudula mphuno ndi kulemba zizindikiro kumaso kwa olakwa.

Ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wathu wotsatira indipatse mpata woonetsa mmene tingaikire nkhani ya Sima Qian ndi lamulo la ku Shuihudi pa pepala limodzi, kuti ophunzira azidziyerekezera okha m'kalasi.